Musanagule makina owotcherera, kwerani kaye m'siling'i

Bambo wina wa ku Area 18 ku Lilongwe wandilembera imelo, akuti anapuma pantchito, galimoto anagulitsa, ndiye galaja yangokhala, akufuna aikemo makina owotcherera ndi grinder azipanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Funso lake ndi loti kodi angangokoka magetsi kuchokera pa soketi ya kukhitchini? Nyumbayo akuti ndi ya m'ma 1970 ndipo mawaya sanasinthidwepo.

Bambo, nditawerenga ndinaseka kaye, kenako ndinapsa mtima, osati ndi inu ayi koma ndi ine ndemwe, chifukwa zimene mukufunsazi ine ndinazichita kale.

Nyumba yomwe ndimakhala ku Chilomoni inali ya malemu bambo anga, yakale ngati yanuyo. Nditagula kamakina kanga kowotcherera ndinalibe ndalama ya mmisiri, ndiye kunabwera alamu anga, munthu woti chilichonse amachidziwa, akuti "alamu izi n'zachibwana, tigule waya basi." Tinagula waya wotchipa pamsika, n'kulumikiza pa soketi ya firiji, kudutsitsa pawindo mpaka m'galaja. Sabata yoyamba zinayenda, kungoti ndikangokhudzitsa rodi pachitsulo mababu a m'nyumba ankaphethira ngati akuwodzera. Kenako fyuzi inayamba kudula. Zija zakale zoyera zadothi zomangira kawaya kakang'ono. Idule kamodzi, kawiri, kachitatu, alamu anatopa nayo n'kumangapo waya wonenepa wa kopa, akuti tsopano siidzadulanso. Ndipo zoonadi siinadulenso.

Loweruka lina ndili mkati mowotcherera geti la munthu ndinangomva madam akukuwa, "Inu! Chikupsa n'chiyani kuno?" Fungo ngati wina akuwotcha tayala. Kusuntha firiji, soketi yasungunuka, khoma lada bii, kautsi kakutuluka pang'onopang'ono. Tikanakhala kuti tapita kumaliro kapena ndasiya kompresa ikulira, lero bwenzi tikupanga lendi.

Apa m'pamene ndinaitana mmisiri weniweni, ndipo sanayambe n'kuona soketiyo, anapempha makwerero n'kukwera m'siling'i. Anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Mawaya ofiira ndi akuda aja akalekale, ukangowapinda chikopa chake chimangofumbutuka, pena makoswe atafuna mpaka kopa kuoneka, pena mfundo zomangidwa ndi tepi yoti inauma kalekale zili gone pamatabwa a denga. Chitsulo cha earth panja, chija chokhomedwa m'nthaka chothawitsira magetsi pansi, chinadyeka ndi dzimbiri, waya wake ukungolendewera. Waya wathu wa pamsika uja anaupala ndi mpeni, mkati mwake moyera, aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Ndinachita manyazi.

Masamu ake ndi osavuta. Magetsi athu kuno ndi 230 volts, pulagi ya mano atatu ija fyuzi yake yaikulu ndi 13 amps, ndiye kuti imanyamula pafupifupi mawatsi 3,000 basi. Grinder yaikulu yokha imadya cha m'ma 2,000, ketulo chimodzimodzi, makina owotcherera ukawakweza mphamvu amadutsa 20 amps. Pomwe nyumba zija ankaziika mawaya akuganiza za mababu, wayilesi ndi ayironi. Fyuzi ikamadula ndiye kuti ikugwira ntchito yake, ukaimanga ndi waya wonenepa chomwe chimatsala kuti chipse ndi waya wa m'khoma.

Ndipo ndinene pano, ife timandidabwitsa. Matailosi timagula odula, penti chaka ndi chaka, mpanda wautali ndi geti lokongola, koma mawaya poti alendo sawaona timati adikire kaye. Komanso aliyense wokhala ndi kasikuludiraiva koyaka kaja amadzitcha injiniya, ndipo timamulola kugwira nyumba yogona ana athu chifukwa watchula mtengo wa botolo la Fanta. Ine ndinasiya zimenezo, wachibale kaya ayi, wopanda pepala sakhudza bokosi langa la magetsi. Mphwanga wina anabwera akuti aziikamo matabwa m'galajamo azipala pomwe ine ndikuwotcherera, ndinamukaniza, utuchi ndi nthethe za grinder m'chipinda chimodzi? Komanso simenti ya m'galaja imakhala yotsika, mvula ikagwa madzi amalowa pansi pa chitseko, ndiye munthu waima pa chinyezi ndi masilipasi atagwira chitsulo. Za aneba sindinena zambiri, grinder 6 koloko m'mawa siimanga ubale, kambiranani nawo.

Ndiye mupange chiyani bambo

Kukhitchini ayi. Pezani mmisiri wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, akuonetseni chiphasocho, ayeze mawaya a nyumba yonse ndi earth. Ngati muli ndi mafyuzi adothi achoke, paikidwe bokosi la ma breaker, maswichi odzithimitsa okha katundu akachuluka, lokhala ndi earth leakage ya 30mA, yodula magetsi msanga akayamba kudutsa mwa munthu kapena kutayikira pansi. Galaja ikhale ndi waya wakewake kuchokera pabokosipo, nthawi zambiri 6mm kapena kuposa malinga ndi kutalika kwake, ndi kabokosi kake komweko. Waya wa mababu 1.5mm, wa masoketi 2.5mm, makina owotcherera pa breaker yawoyawo, zonse zidutse m'mapaipi, masoketi akhale m'mwamba cha pa benchi. Mukadzafuna makina akuluakulu a three phase, ofuna mawaya atatu amoto, kapena katundu akachuluka, pitani ku ESCOM mukafunsire, za kumita musagwireko. Waya gulani m'sitolo yodziwika ndipo muupale kaye.

Ine zonsezi zinandidyera ndalama yoposa mtengo wa makina aja, mageti atatu oyamba phindu lake linathera m'siling'i. Alamu mpaka lero amati vuto linali firiji.