Ndikafufuza chinthu chimodzi ndimapezeka ndagula zinayi

Zakhali, ndine mayi wa ana awiri ndipo ndili pa ntchito. Vuto langa ndi kugula. Ana akagona ndimatenga foni kuti ndingoona mtengo wa chinthu chimodzi, koma pofika pakati pa usiku ndimakhala nditaitanitsa zinthu zomwe masana sindinaziganizire n'komwe. Mwezi wathawu ndinkafufuza nsapato za kusukulu za mwana. Nsapatozo ndinagula, koma ndinawonjezera chikwama cha m'manja, nyale ya patebulo ndi mapoto, chonsecho mapoto ndili nawo. Chikwamacho chikadali m'pepala lake kunsi kwa bedi, amuna anga sakudziwa. Chinthu ndikangochiona kamodzi chimanditsata paliponse, pa Facebook, powerenga nkhani, ngakhale poonera vidiyo. Kodi foni imadziwa zomwe ndikuganiza? Ngongole yayamba kukula ndipo ndikuchita manyazi.

Mayi wosowa mtendere

Mwana wanga, zikomo pomasuka. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo chomwe chandikhudza kwambiri ndi chikwama chomwe chili kunsi kwa bedi chija. Ndibwererako, koma ndiyambe ndi za foni.

Foni sidziwa za mumtima mwanu. Imangosunga zomwe mwaiuza nokha: mawu omwe mwalemba pofufuza, masamba omwe mwatsegula, chinthu chomwe munachiika m'dengu la ogula n'kuchisiya. Mukalowa patsamba la wogulitsa, tsambalo limasiya kachizindikiro m'foni mwanu, kotchedwa cookie. Mukapita kwina, makampani otsatsa malonda amakazindikira n'kukuonetsani chinthu chomwe chija. Ine ndinafufuzapo mpando wothandiza msana, ndipo mpando womwewo, wakuda, wa mateyala asanu, unkandipeza m'mawa uliwonse ndikamawerenga nkhani kwa masabata awiri. Tsiku lachitatu ndinali nditayamba kuuona ngati wanga kale.

Chomwe ambiri sadziwa ndi zomwe zimachitika pa kamphindi komwe mwalemba "nsapato za kusukulu" pofufuza pa Google n'kudina. Musanaphethire, ogulitsa amakhala atapikisana ngati pa okushoni, aliyense atanena ndalama zomwe angalipire inu mukadina pa malonda ake. Opambana ndiwo amakhala pamwamba penipeni, ndi kachilembo kakang'ono koti "Sponsored". Google inayamba kugulitsa malo otere mu 2000, ndipo mpaka lero ndalama zambiri za kampani yomwe ndi mwini wake, Alphabet, zimachokera ku kutsatsa malonda. Choncho zomwe mumaziona koyamba nthawi zambiri ndi zomwe wina walipirira kuti muzione, ndipo munthu wotopa, ali chigonere, sapita pansi kukafuna zina.

Eni ake ankadziwa za ngoziyi. Mu 1998, Sergey Brin ndi Larry Page, omwe anayambitsa Google, analemba okha kuti makina ofufuzira odalira ndalama za otsatsa malonda amakondera otsatsawo kusiyana ndi ofufuza. Mu 2017 bungwe la European Commission, lomwe limayendetsa ntchito za mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa European Union, linalipiritsa Google chindapusa cha mayuro 2.42 biliyoni chifukwa choika patsogolo ntchito yake yofananitsa mitengo n'kukankhira pansi za opikisana nayo, ndipo khoti lalikulu la European Union linagwirizana ndi chigamulochi mu 2024. Ndikukuuzani izi kuti manyazi achepe. Mukulimbana ndi zinthu zomwe akatswiri anazikonza mwadala kuti chala chanu chisaime.

Komabe sindikunamizani kuti vuto lonse lili m'foni. Matenda okonda kugula analipo intaneti isanabwere. Dokotala wa ku Germany, Emil Kraepelin, anawafotokoza zaka zoposa 100 zapitazo. Zizindikiro zake, zomwe china mwachitchula kale, ndi izi: mtima kugunda pogula, chisangalalo kutha katundu akangofika, kenako kubisa. Dzifunseni kuti nthawi ya usiku ija mumakhala mukumva chiyani musanatenge foni. Kutopa? Kusungulumwa? Kapena ndi nthawi yokhayo pa tsiku lonse yomwe palibe wokuitanani kuti "amayi"? Amayi ambiri ogwira ntchito amafika usiku atapereka zonse kwa ena, ndiye kugula kumakhala ngati kudzipepesa. Zimenezi n'zomveka, kungoti chipepeso chake chikubwera ndi ngongole.

Poyambira ndi apa. Chotsani nambala ya khadi lanu la kubanki pamasamba onse omwe munaisunga, kuti pogula muzichita kudzuka kukalitenga. Mapulogalamu ogulirapo zinthu afufuteni, ndipo m'makonzedwe a akaunti yanu ya Google ndi ya Facebook chepetsani malonda otengera zomwe mumafufuza. Foni izigona kuchipinda china. Chinthu chikakukokani, chilembeni papepala ndi tsiku lake, mudikire masiku atatu. Zambiri mudzapeza kuti mwaziiwala. Mukafunadi kugula, fufuzani masana, mudumphe zonse zolembedwa "Sponsored", mugule chomwe munabwerera basi.

Tsopano chikwama chija. Chobisa chimakula mumdima, ndipo ngongole yomwe amuna anu adzaitulukire okha idzawapweteka kuposa yomwe mungawauze inu. Lembani ngongole zonse papepala limodzi, osasiyako ngakhale imodzi. Sankhani tsiku lomwe ana kulibe, mutulutse chikwamacho, muchiike patebulo pamodzi ndi pepalalo, muwauze monga mwandiuzira ine. Mwina akwiya poyamba, apatseni mpata. Ngati mwayesa zonsezi kwa mwezi umodzi koma dzanja likubwererabe komweko, kapena mukuona kuti mtima wanu ndi wolemera masiku ambiri, kaonaneni ndi mlangizi wa za maganizo, chifukwa kugula kotere kawirikawiri kumayendera limodzi ndi nkhawa. Ndipo onani ngati wogulitsa uja amalola kubweza katundu, poti chikwamacho simunachitsegule. Mundilemberenso mwezi wamawa, ndikufuna kumva momwe zayendera.

Zakhali