Kwacha idagwa kapena adaigwetsa? Mafunso anu pa Chichewa cha nkhani za masiku ano

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu amene amamvera nkhani pa wailesi ndi kuwerenga ndemanga pa masamba a mchezo, kenaka n'kuyamba kukayika ngati Chichewa chimene akumvacho chili m'malo mwake. Ofanana ndawaphatikiza.

Ena amati "kwacha yagwa", ena "agwetsa kwacha", enanso "achepetsa mphamvu ya kwacha". Kodi zonsezi n'chimodzimodzi?

Ayi bambo, n'zosiyana, ndipo kusiyanako kwagona pa msintho wa mneni. Kugwa sikufuna wochititsa. Mango amagwa, khoma limagwa, mwana amagwa. Kugwetsa kuli ndi mwini wake, ndipo womva amafunsa nthawi yomweyo kuti wagwetsa ndani. Choncho ndalama ikamatha mphamvu pang'onopang'ono pa msika, popanda wina kulengeza kanthu, tinene kuti kwacha ikugwa. Koma akuluakulu a zachuma akakhala pansi n'kulengeza mtengo watsopano wa dola, amenewo achepetsa mphamvu ya kwacha, kapena m'chiyankhulo cha mumsewu, aigwetsa. Mtolankhani amene walemba kuti "yagwa" pamene panali chilengezo wabisa wochita, kaya mwadala kaya mosazindikira.

Chitsanzo chake ndi cha Novembala 2023, pamene banki yaikulu ya Reserve idasintha mtengo wa dola imodzi kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Aliyense adamva zoti "44 peresenti". Chiganizo cholondola ndi chakuti mtengo wa dola udakwera ndi 44 peresenti. Munthu wa K1,700 m'thumba, amene dzulo lake akadagula dola imodzi ndi masenti 44, tsopano ankagula dola imodzi yokha. Mukawerengera bwino, mphamvu imene kwacha idataya idangopitirira pang'ono magawo 30 pa 100 aliwonse. Nambala zonse ziwiri ndi zoona, koma iliyonse ili ndi mwininkhani wake: 44 ndi ya dola, 30 ndi ya kwacha.

Cholakwika china chimene chimayenda limodzi ndi chimenechi ndi cha mitengo ya zinthu. Akatswiri akalengeza kuti liwiro la kukwera mitengo latsika, ena amathamangira kulemba kuti "mitengo yatsika". Mayi amene wangochokera kogula sopo ndi mafuta ophikira amadziwa kuti limenelo ndi bodza. Nenani kuti mitengo ikukwerabe, koma osati mothamanga ngati kale.

Tinene kuti "boma lanena" kapena "boma anena"? Nanga nduna?

Boma lili m'gulu la Li-Ma, ndiye boma lanena, boma lakana, boma lathu. "Boma anena" amabwera chifukwa woyankhula akuona anthu m'maganizo mwake, koma mgwirizanitsi amatsata dzina limene latchulidwa, osati chithunzi cha m'mutu. Mukafuna anthuwo, atchuleni: akuluakulu a boma anena. N'chimodzimodzi ndi khoti lagamula, bungwe ladzudzula, chipani chatsutsa, Nyumba ya Malamulo yavomereza. Musaiwalenso kuti boma ndi mawu a matanthauzo awiri. Pali boma lolamula dziko, ndipo pali maboma 28 a dziko lino, monga la Dedza ndi la Mangochi. Mutu wa nkhani wakuti "boma la Dedza lakana" ungasokoneze, choncho ngati mukunena khonsolo kapena bwanamkubwa, tchulani ameneyo.

Nduna ili m'gulu la I-Zi monga mfumu. Njira zilipo ziwiri ndipo zonse n'zabwino: "nduna ya zaumoyo yanena", kapena mwaulemu "a nduna a zaumoyo anena". Chosayenera n'kuyamba ndi njira imodzi n'kumalizira ina, monga "nduna ya zaumoyo anena". Chiganizo chotere chimapulumuka pokhapokha dzina la munthu likalowa pakati, "nduna ya zaumoyo, a Uje, anena", popeza apo mneni akutsata a Uje.

Msampha wina uli pa mayina oyamba ndi ka-. Katangale, kanema ndi katswiri si mayina ochepetsa ngati kamwana kapena kanyumba. Timati katangale wafala, kanema watsopano, katswiri wafika. "Kanema kabwino" ndi Chichewa cha mlendo.

Ndidamva kuti "aphungu akhazikitsa lamulo latsopano", koma patatha mwezi anthu ankati lamulolo kulibe. Adanama ndani?

Mwina palibe adanama, mayi, koma wowulutsa nkhaniyo adalumpha masitepe. Chimene aphungu amakambirana m'Nyumba ya Malamulo ndi bilu, ndipo bilu ndi maganizo ofuna kukhala lamulo. Aphungu akaivomereza imapita kwa mtsogoleri wa dziko, amene malamulo oyendetsera dziko lino amamupatsa masiku 21 kuti asayinire kapena akane. Akasayinira, imasindikizidwa mu gazeti ya boma, ndipo malamulo ena amadikiranso tsiku limene nduna ilengeze kuti ayambe kugwira ntchito. Sitepe iliyonse ili ndi mneni wake: aphungu avomereza bilu, mtsogoleri wa dziko wasayinira, lamulo layamba kugwira ntchito. Mawu oti bilu ndi obwereka, inde, koma ndi othandiza kwambiri chifukwa amatilekanitsira chinthu chimene chikadali panjira ndi chimene chafika.

Ndondomeko nayo si lamulo. Ndi njira imene boma lasankha kuyendamo pa nkhani ya ulimi, maphunziro kapena zaumoyo, ndipo munthu samangidwa chifukwa chophwanya ndondomeko.

Pa nkhani za milandu chenjezo ndi lomwelo. Womangidwa ndi woganiziridwa, ndiye timati akuganiziridwa kuti adaba. Wakuba amatchulidwa khoti likagamula. Ziphuphu ndi ndalama kapena mphatso yopereka kuti wina akhotetse chilungamo, pomwe katangale ndi mawu otambalala, okhudza chinyengo chonse chogwiritsa ntchito udindo podzilemeretsa. Kusolola ndalama za boma kumene kudaululika mu 2013, kotchuka ndi dzina loti Cashgate, kudali kuba ndi katangale. Kukutchula kuti ziphuphu chabe n'kuchepetsa mlandu.

Kodi "madando" ndi Chichewa chenicheni?

Ndi mbale wake wa madandaulo, ndipo aliyense amawamva. Adatchuka pa chisankho cha Meyi 2019, pamene a Jane Ansah, amene anali wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, ankawatchula polengeza za madandaulo a zipani. Chisankho cha pulezidenti chija khoti lidachifafaniza pa 3 Febuluwale 2020, ndipo mawuwo adatsala ndi kafungo ka nthabwala ndi ndale. Pocheza ndi polemba ndemanga ali bwino. M'kalata yopita ku ofesi lembani madandaulo, kuopa kuti wolandirayo angayambe ndi kuseka.

Ana anga amati "ndipange download", "wandipanga block", "mupange share". Ndikawaletsa amati Chichewa chilibe mawu a zimenezi. Ndiwayankhe bwanji?

Muwauze kuti vuto si kubwereka. Chichewa chidabwereka sukulu, buku, wailesi ndi tchalitchi, ndipo palibe amene amadandaula. Vuto ndi kabwerekedwe. Mneni wobwereka bwino amavala zovala zathu: amathera ndi -a, ndipo amalola misintho yonse. Taonani kutchaja. Munthu amatchaja foni, amakatchajitsa kwa wa sola, amatchajira mnzake, ndipo foniyo imatchajidwa. Kuvota, kusayina ndi kufulasha adalowa motero, ndipo lero ndi a pakhomo. Kubuloka nakonso kwalowa: wandibuloka, tidabulokana, wabulokedwa. Koma "wandipanga block" amasiya mawu achilendowo ali chiimire ngati mlendo wokana mpando, ntchito yonse n'kugwera kupanga. Yesani kunena kuti awiri adachitirana zimenezo, mumva m'mene chiganizo chikutsimphinira.

Pamene mawu athu alipo, agwiritseni ntchito. Uthenga timatumiza, chithunzi timaika pa Facebook, nkhani timagawana kapena kuifalitsa, zosafunika timafufuta. Kutsitsa kwayamba kuzika mizu ponena za kutenga chinthu pa intaneti n'kuchisunga m'foni, koma samalani nako. Mukauza mwana kuti "tsitsa nyimboyo", achepetsa phokoso. Onjezerani malo: tsitsa nyimboyo pa intaneti.

Malowo nawonso ali ndi dongosolo lake. Timayankhula pa foni, koma zithunzi zili m'foni, popeza zasungidwa m'katimo. Timawerenga pa intaneti, pa WhatsApp, pa tsamba. Intaneti ndi netiweki zili m'gulu la I-Zi: intaneti yavuta, netiweki yathawa. Foni ikachuluka ena amati mafoni anga, ena foni zanga, ndipo sindiona chifukwa chokanganira. Lamya ndi mawu okoma amene akadamvekabe pa wailesi, ngakhale achinyamata ambiri sawatchulanso.

Pali zinthu zina zimene dzina lake silinakhazikike, monga AI. Kumasulira liwu ndi liwu kumabala mawu amene wowerenga sangawazindikire. Lembani AI monga momwe alili, ndipo poyamba pomwe fotokozani kuti ndi mapulogalamu a pakompyuta amene amaphunzira kuchokera ku zolemba ndi zithunzi zambirimbiri mpaka kumayankha ngati munthu. Dzina lachichewa lidzabadwa pakamwa pa anthu, monga adabadwira mayunitsi.

Polemba za atsogoleri a mapemphero, ndinene mipingo kapena zipembedzo? Ndiponso, Yesu "anafa" kapena "adafa"?

Mpingo ndi anthu, tchalitchi ndi nyumba, ngakhale pocheza ambiri amasakaniza. Chipembedzo ndi chachikulu kuposa zonsezi: Chikhristu, Chisilamu, chipembedzo cha makolo. Mukalemba kuti "atsogoleri a mipingo" pa msonkhano umene panalinso mashehe, mwawatulutsa panja Asilamu, amene amapemphera mu mzikiti. M'bungwe la Public Affairs Committee, limene lidayamba mu 1992, muli Akhristu ndi Asilamu, choncho ndi bungwe la zipembedzo. Maudindo nawo musawaphatikize: ku CCAP kuli abusa, ku Katolika kuli ansembe amene akhristu awo amawaitana kuti bambo mfumu, ndipo pamwamba pawo pali maepiskopi, monga aja a Katolika adalemba kalata yotchuka yodzudzula boma mu Malichi 1992.

Funso lachiwirilo ndi lakale kuposa tonsefe. Pa zochitika kalekale, -da- amamveka kwambiri m'chigawo chapakati, pomwe -na- wafala m'matauni ndi kumwera. Kamuzu Banda ankalimbikira -da-, ndipo Chichewa cha m'kalasi chidatsatira. Mabaibulo nawo adagawikana: Buku Lopatulika la 1922 limasimba nkhani zambiri ndi -na-, pomwe Buku Loyera la 1998 limakonda -da-. Polemba sankhani imodzi ndipo musaisinthe pakati pa nkhani.

Koma pali china chobisika chimene zilembo sizionetsa. Mchewa akati "adapita ku Lilongwe", nthawi zambiri akutanthauza kuti munthuyo ali komweko. Akatalikitsa, "adaapita ku Lilongwe", ndiye kuti adapita n'kubwerako. Motero "agogo adamwalira" ndi nkhani yotheratu, pomwe mlaliki wodziwa chiyankhulo amakoka pang'ono ponena za Yesu, "adaafa", chifukwa chikhulupiriro chake n'chakuti sadakhalitse m'manda. Polemba ambiri saika a wachiwiriyo, ndiye malizani chiganizo: adafa, nauka tsiku lachitatu.

Oyimba a masiku ano amatulutsa nyimbo pa intaneti pokha. Kodi tipitirizebe kunena kuti chimbale?

Pitirizani, achimwene. Dzinali lidachokera ku zimbale zakuda zozungulira za galamafoni, zimene zinkaoneka ngati mbale yaikulu. Galamafoni idapita, makaseti adabwera n'kupita, ma CD nawo akutha, koma chimbale chidasiya kutanthauza chinthu chogwirika n'kuyamba kutanthauza mtolo wa nyimbo zotulutsidwa pamodzi pansi pa mutu umodzi. Nyimbo imodzi yotuluka payokha si chimbale, ndi nyimbo basi. Ikakhala ndi zithunzi zoyenda, ameneyo ndi kanema wa nyimboyo, ndipo akachuluka ndi makanema.