Chombo chikuoneka ngati chipatala, nditani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Rosettenville, mu mzinda wa Johannesburg. Akuti akujambula pa kompyuta mkati mwa chombo cha mumlengalenga cha mufilimu ina imene amaikonda, koma chikumatuluka ngati khonde la chipatala. Funso lake n'lakuti awonjezere mabatani ndi timagetsi tingati kuti chioneke chenicheni. Watumizanso chithunzicho.

Achimwene, chithunzi ndachiona, ndipo dzanja muli nalo. Koma mabatani asiyeni kaye. Vuto n'lakuti m'chombo chanu simunagonemo munthu.

Musanajambule mzere uliwonse, dziwani kuti pansi ndi pati. Mu International Space Station, chombo chenicheni chimene chimazungulira dziko lapansi, momwe anthu akhala akukhalamo mosadukiza kuyambira mu 2000, mulibe pansi kapena denga. Anthu amayandama, choncho mbali zonse zinayi zili ndi zogwirira, mawaya, malaputopu ndi matumba omatidwa ndi Velcro. Mpando wa sofa umene mwaika pakona uja sungagwire ntchito mmenemo. Ngati mukufuna anthu anu aziyenda ndi miyendo, njira imene asayansi amaidziwa ndi yoti chombo chizizungulira ngati gudumu, anthu n'kumaponda khoma lakunja. Chikamazungulira kawiri pa mphindi, pamafunika mamita pafupifupi 224 kuchokera pakati kufika pomwe munthu waponda kuti azilemera ngati ali pano. Ndiye kuti pansi pake pamapindika, ndipo mnzanu amene ali patali mumamuona ngati akukwera chitunda. Mukafuna kuchimvetsa ndi maso, kaimeni pakati pa nyumba yaitali ya Ponte ku Berea n'kuyang'ana kumwamba. Nyumba ija ndi yamphako, yozungulira, mazenera ali mbali zonse. Muiganize itagona chammbali.

Filimu yanu mwina imangoti pansi palipo basi, popanda kufotokoza. Palibe mlandu, tsatani zimenezo, popeza mukujambula chombo cha eni ake.

Tsopano za anthu. Inu ndi ine tikudziwa mmene munthu amakhalira m'kachipinda kopanikiza, chifukwa ambiri tinafikira m'chipinda chogawa ndi katani ku Mayfair kapena ku Turffontein. Sutikesi pansi pa bedi, mpoto pamwamba pa furiji, chaja yomangidwa ndi tepi, chithunzi cha mayi pakhoma. Munthu amene wakhala miyezi isanu ndi umodzi m'chombo amachitanso chimodzimodzi. Pachitseko pamene aliyense amagwira, utoto uyenera kufufuka. Kapu ikhale ndi pomangirira. Chitsulo china chikhale cha mtundu wosiyana ndi zinzake, poti choyamba chinathyoka. Ine m'chombo changa china ndinapachikamo chitenje pakhomo la chipinda chogona, ndipo ndi chokhacho chimene anthu anachitchula.

Kuwalanso mwakuchulukitsa. Paliponse mwaika magetsi ofanana, n'chifukwa chake mukuona chipatala. Sankhani gwero limodzi lalikulu, kaya zenera kapena sikirini, kwinako kukhale mdima pang'ono. Mukakwera sitima ya Gautrain pa Park Station, onani mmene magetsi a m'sitima amaonekera pagalasi muli m'ngalande muja.

Mwati laputopu yanu ndi yakale. Blender, pulogalamu youmbira zinthu pa kompyuta, ndi yaulere, Krita, pulogalamu yojambulira ndi kupaka utoto, nayonso. Mu Blender ingoumbani mabokosi osakongoletsa, makoma, zitseko ndi kachidole kotalika mamita 1.7 koti muziyezera chilichonse. Ikani kamera pamsinkhu wa maso a kachidoleko, tulutsani chithunzi chotuwa, ndipo utoto, dothi ndi mikwingwirima mukamalizitse mu Krita. Mukatero makina sakutentha kwambiri. Ndipo muzisunga fayilo pafupipafupi. Ine magetsi anandizimira usiku wina batire ili yakufa kale, ntchito ya maola anayi n'kupita.

Mukakonza munditumizirenso, koma ndikufuna ndione pomwe woyendetsa chombocho amaika tiyi wake.