Funsani za Chesi: Tsamba la Kalabu Likhale m'Manja mwa Ndani?

FUNSO: Amene adatsegula tsamba la Facebook la kalabu yathu ya chesi ndi mlembi wakale. Adasamukira ku Johannesburg, ndipo pano palibe amene angathe kulembapo kanthu. Titsegule lina?
Wapampando wa kalabu, Zomba

YANKHO: A wapampando, musafulumire kutsegula lina. Masamba awiri a dzina limodzi amagawa anthu, ndipo wofufuza amayamba kupeza lakale lija, n'kuganiza kuti kalabu idafa.

Yambani mwaona chimene adatsegulacho. Ngati anthu amatumizako pempho la ubwenzi, ndiye kuti ndi akaunti ya munthu imene adangoipatsa dzina la kalabu. Yotereyi imathera pa abwenzi 5,000, imalowedwa ndi pasiwedi imodzi yokha, ndipo Facebook ikhoza kuitseka chifukwa malamulo ake amafuna dzina lenileni la munthu. Ngati ndi Page yeniyeni, nkhani yapepuka. Aimbireni alembi akalewo mwaulemu, alowe pa Settings, apite pa Page access, awonjezere munthu wina ndi kumupatsa full control, mphamvu zonse zoyendetsera tsambalo. Woitanidwayo avomere msanga pempholo lisanathe mphamvu. Akakana kapena akapanda kupezeka, pamenepo ndiye tsegulani latsopano, ndipo lengezani m'magulu onse a WhatsApp kuti lakale lidasiyidwa.

Kuti zisabwerezenso, full control ikhale ndi anthu awiri kapena atatu a mu komiti, osapitirira apo, chifukwa aliyense wokhala nayo angathe kuchotsa anzake ngakhale kufufuta tsamba lonse. Mnyamata amene amajambula zithunzi mpatseni mwayi wolemba basi. Kalabu ikhale ndi imelo yakeyake, ndipo zonse, kaya Lichess (webusaiti yosewerera chesi pa intaneti) kaya YouTube, zitsegulidwe ndi imeloyo. Aliyense woyendetsa tsamba atchere two-factor authentication (chitetezo chofuna kodi yapadera kuwonjezera pa pasiwedi) pa akaunti yake, popeza akuba amalowera pa akaunti ya munthu mmodzi wosasamala. Msampha wofala ndi uthenga wonamizira kuti wachokera ku Facebook, woti tsamba lanu litsekedwa mukapanda kudina linki. Musadine.

Chimene ambiri amaiwala ndi simu khadi. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imaipereka kwa munthu wina, ndipo makodi olowera amapita kwa mlendoyo. Nambala ya kalabu muziiikira mayunitsi ndi kuimbirapo mwezi uliwonse. Pa msonkhano wosankha komiti yatsopano, kupatsirana masamba kulembedwe m'maminitsi pamodzi ndi kupatsirana buku la ndalama, mabodi ndi mawotchi.

FUNSO: Tili ndi gulu la WhatsApp komanso tsamba la Facebook. Kodi webusaiti n'njofunikabe, poti ndalama n'zochepa?
Msungichuma wa ligi ya sukulu, Mzuzu

YANKHO: N'njofunika, koma yaing'ono. WhatsApp imathamangitsa uthenga, siisunga mbiri. Status imazimiririka pakatha maola 24, gulu limadzaza pa anthu 1,024, ndipo chikalata cha malamulo a mpikisano chimakwiririka ndi moni wa m'mawa tsiku lisanathe. Kampani imene mukuipempha thandizo idzalemba dzina la ligi yanu pa Google, ndipo ikufuna ipeze amene akuyendetsa, kumene mumasewerera ndi zimene mudachita chaka chatha.

Masamba anayi akwanira: za ligi ndi komiti yake, kalendala ya mipikisano, zotsatira za chaka ndi chaka, ndi njira yolembetsera. Google Sites siilipiritsa ndipo imamangika popanda kudziwa kulemba makodi. Mukafuna dzina lanulanu la webusaiti lothera ndi .mw kapena .org, dziwani kuti limalipiridwa mobwereza. Lembani tsiku lolipiranso m'buku la msungichuma, ndipo lilembetsedwe m'dzina la ligi, osati la amene wakumangirani webusaitiyo. Mawebusaiti ambiri a mabungwe amafa chifukwa cha tsiku limeneli.

Zotsatira musavutike n'kuzilemba pamanja. Ngati woweruza wanu amagwiritsa ntchito Swiss-Manager, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera mipikisano, atumize raundi iliyonse ku chess-results.com, inu muike linki yokha. Kumeneko wosewera amaona bodi yake, mtundu umene asewere ndi mapointi ake, ndipo zimakhalapobe pakapita zaka. Mareting'i (manambala osonyeza luso la wosewera) musamakopere, chifukwa FIDE, bungwe loyendetsa chesi padziko lonse, imatulutsa atsopano mwezi uliwonse. Lozani anthu ku ratings.fide.com, kumene aliyense amapezeka ndi nambala yake yomuzindikirira yotchedwa FIDE ID. Wosewera amene alibe nambalayi adzere ku CHESSAM, bungwe loyendetsa chesi m'dziko muno.

Kumbukirani izi: osewera ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, choncho linki siiwatsegukira. Raundi ikangotuluka, jambulani ndandanda wa amene akumana ndi kuuponya m'gulu ngati chithunzi. Ndandanda wautali uduleni pawiri kuti maina awerengeke pa foni yaing'ono.

FUNSO: Timaika maposita okongola koma anthu amafunsabe zomwezomwezo. Tikulakwitsa pati?
Wokonza mipikisano, Lilongwe

YANKHO: Mwina posita yadzaza ma logo koma ikusowa mayankho. Pakhale tsiku ndi chaka chomwe, malo enieni mpaka dzina la holo, ola loyambira raundi yoyamba, kuchuluka kwa maraundi, nthawi ya pa wotchi monga mphindi 15 kuwonjezerapo masekondi 10 pa kusuntha kulikonse, magawo a osewera, ndalama yolowera, tsiku lotsekera kulembetsa, ndiponso ngati mpikisanowo uwerengedwa ndi FIDE. Zomwezo muzilembenso m'mawu pansi pa chithunzi, chifukwa amene data yamuthera chithunzi sichimutsegukira. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale imodzi, ndipo tchulani dzina limene lituluke polipira, kuti wina asasinthe nambala pa posita yanu n'kudyera osewera. Malo akasintha, konzani uthenga woyamba uja, musangoika wina pamwamba pake.

FUNSO: Ndimaphunzitsa chesi ana a pulayimale. Ndingaike zithunzi zawo akapambana?
Mphunzitsi, Mulanje

YANKHO: Aphunzitsi, yambani mwapempha makolo, ndipo chilolezocho chilembedwe. Pa fomu yolembetsera mpikisano ikanipo mzere woti kholo lichonge "inde" kapena "ayi" pa nkhani ya zithunzi, ndipo wojambula akhale ndi maina a amene makolo awo akana. Kholo likasintha maganizo, chotsani chithunzicho tsiku lomwelo osatsutsana nalo.

Ngakhale chilolezo chilipo, musaphatikize nkhope ya mwana, dzina lake lonse, sukulu yake ndi ola limene amaweruka ku chesi mu uthenga umodzi. Pamenepo mwamupatsa munthu woipa zonse zimene akufuna. Fomu yokhala ndi masiku obadwa ndi manambala a makolo isaponyedwe m'gulu. Ipite kwa woweruza yekha. M'gulu la WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake, choncho gulu la ana likhale la makolo awo, ndipo zolengeza kwa anthu onse zidzere pa WhatsApp Channel, pamene otsatira saonerana manambala. Wamkulu asamalemberane ndi mwana kumbali, ngakhale pa nkhani ya chesi yomweyo.

Pali njira ina yonyadira mwana imene osewera amaikonda kuposa chithunzi cha chikho. Tengani pepala limene adalembapo masewero ake, muwalowetse mu Study ya pa Lichess (malo osungira ndi kuunikira masewero), mujambule bodi pamene zinthu zidatembenukira, n'kufunsa owerenga kuti zoyera zisunthe chiyani. Yankho muike mawa lake. Ngati anawo ali ndi maakaunti a Lichess, atcherereni kid mode, imene imatseka macheza ndi anthu osawadziwa.