Kaboa kanga kakundijompha, kodi ndinagula njoka yolusa?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene anagula kamwana ka njoka ya mtundu wa boa masabata atatu apitawo. Akuti n'kotalika pafupifupi theka la mita, ndipo wogulitsa anawatsimikizira kuti n'kofatsa. Koma chibwerereni nako kunyumba, akangotsegula khola kamadzikunga, kukweza mutu, n'kumalira kuti fooo. Kawajompha kale kawiri pa chala. Mnzawo wawalangiza kuti azikagwira mokakamiza tsiku ndi tsiku mpaka kagonje. Ndiye akufunsa kuti: kodi anagula njoka yoipa mtima, ndipo ngati kakutere kadakali kakang'ono, zidzatha bwanji kakadzakula?

Mayi, mtima ukhale m'malo. Kanjoka kanuko kali ndi mantha basi. Boa siikira mazira ngati nsato. Imabereka ana amoyo, nthawi zina makumi awiri kapena atatu ulendo umodzi, ndipo mayi wawo sawasamala ngakhale tsiku limodzi. Kutchire kwawo, kuyambira ku Mexico mpaka ku Argentina, kamwana ka msinkhu umenewu ndi ndiwo ya mbalame zolusa ndi zinyama zina. Tsono chinthu chachikulu chikatsika kuchokera kumwamba n'kukagwira pamsana, iko kamadziwa chinthu chimodzi chokha: ndadyedwa. Dzanja lanu likalowa m'khola kuchokera pamwamba, kwa iko ndi kabawi. Zambiri ukali umenewu umatha zikamakula, poti njoka yaikulu siiopanso zambiri.

Malangizo a mnzanuyo atayeni. Njoka siigonja ngati galu, ndipo ndinene mosabisa, siidzakukondani. Chimene timati kuweta boa ndi kuizoloweza zinthu ziwiri: kuti inu simudzaidya, ndiponso kuti inu sindinu chakudya. Ziwirizi n'zosiyana, ngakhale kalumidwe kake n'kosiyana.

Kalumidwe ka mantha n'kachangu: jo, n'kusiya, n'kubwerera m'mbuyo. Kasanalume kamachenjeza. Khosi limapindika ngati chilembo cha S, thupi limafufuma, ndiye phokoso lija. Ndi zimene mukuziona inu, ndipo mabala ake ndi timadontho ta magazi ngati mwalasidwa ndi minga. Kalumidwe ka njala n'kena. Sikachenjeza, ndipo njoka ikagwira siisiya, imayamba kukulunga. Ine zinandionekera ndi boa yanga yaikazi, yofatsa ndithu, yomwe inali isanandilumepo kwa zaka zinayi. Madzulo ena ndinasungunula khoswe wake wa mufiriji, kenako ndinaona kuti mbale ya madzi yagudubuzika. Osasamba m'manja, ndinangolowetsa dzanja. Lilime linangothwanima kawiri, basi mkono wonse unali utakulungidwa, mano ali pa chikhatho. Cholakwa chinali changa. Boa imanunkhiza ndi lilime, n'kupereka fungolo ku kachiwalo ka m'kamwa kumtunda, ndiye chinthu chofunda, choyenda, chonunkha khoswe, kwa iyo ndi khoswe.

Zikakuchitikirani zotere musakoke dzanja. Mano a boa ndi okhotera m'kati. Mukakoka mudzing'amba nokha, mwinanso kuithyola mano. Dekhani, ithireni madzi ozizira kumutu, ndipo poimasula yambirani kumchira, osati pakati. Bala mulitsuke bwino ndi sopo. Boa ilibe ululu, koma m'kamwa mwa nyama iliyonse muli tizilombo.

Musanaganize zoigwira, yang'anani kaye khola. Nthawi zambiri munthu akandiuza kuti njoka yake ndi yolusa, ndikafunsitsa ndimapeza kuti ikukhala m'bokosi lagalasi loonekera mbali zonse, lopanda pobisala, pabalaza pomwe anthu akungodutsa. Ikani mobisalamo muwiri, mothina moti thupi lizikhudza m'mbali, kwina kofunda kwina kozizira. Kofundako kukhale madigiri 30 mpaka 32, kozizirako pafupifupi 25, ndipo chinyontho chikhale cha 60 mpaka 70 peresenti. Muyeze ndi chipangizo, osati ndi chikhatho. Phimbani mbali zitatu za galasilo. Kenako kasiyeni. Sabata yathunthu kapena ziwiri, musakagwire, muzingosintha madzi. Kakadya kawiri kapena katatu motsatizana osasanza, mpamene muyambe. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba pezani ndodo yokhota kumapeto, ija oweta njoka amati hook. Nthawi iliyonse mukafuna kukatulutsa, kakhudzeni nayo kaye pang'ono pathupi. Tsiku lodyetsa musatero, ingoperekani khoswe ndi chopanira chachitali. Pakapita nthawi kamagwira tanthauzo lake: ndodo ikandikhudza, lero kulibe chakudya. Mudzaona nokha mutu ukutsika, khosi likumasuka. Mukatero kanyamuleni pakati pa thupi, dzanja lichokere m'mbali ndi pansi, osati kumaso. Osazengereza, dzanja lonjenjemera lomwe likungopita n'kubwerera ndi limene limajomphedwa. Musakafinye, musakagwire m'khosi. Kaloleni kaziyenda kuchoka dzanja ili kupita linalo, inu mukhale ngati nthambi ya mtengo. Mphindi zisanu zakwana, kawiri kapena katatu pa sabata, n'kumawonjezera pang'onopang'ono.

Pali kanthu kamodzi komwe ambiri amaphonya. Kakakujomphani, musakabwezere m'khola nthawi yomweyo, poti kaphunzira kuti kuluma ndiyo njira yothamangitsira munthu. Dikirani kakhazikike, lilime liyambe kutuluka mosathamanga, ndiye mukabwezere. Ngati mukuopa, valani magolovesi masiku oyambawa, palibe manyazi.

Masiku ena ndi osagwira n'komwe. Kakangodya, dikirani masiku awiri kapena atatu, apo ayi kasanza khoswe yense, ndipo kusanza kumafooketsa boa kwambiri. Komanso kakatsala pang'ono kufundula, khungu limathima, maso amachita mbuu ngati mwalowa utsi. Nthawi imeneyo sikaona bwino, ndipo ngakhale njoka yofatsa kale imasanduka yaukali. Koma ngati njoka yomwe inali bwinobwino yangosintha khalidwe, ikungokhala m'madzi, yang'anani timadontho takuda toyenda m'mbali mwa maso ndi pansi pa chibwano. Ndi tinthata toyamwa magazi. Ikamapuma kukamwa kuli yasa, kapena kumangoyang'ana kumwamba n'kulephera kudzitembenuza, imeneyo si nkhani ya khalidwe ayi, thamangirani kwa dokotala wa zinyama wodziwa njoka.

Simunandiuze mtundu wake, koma umathandiza. Zambiri zogulitsidwa ndi zija akatswiri amati Boa imperator, za ku Colombia ndi ku Central America. Oweta ambiri amavomerezana kuti za ku Colombia zimafatsa msanga, pomwe tiana ta ku Central America timavutako. Za ku Argentina zimatchuka ndi phokoso, zambiri n'kungoopseza chabe. Chofunika kwambiri n'kufunsa wogulitsayo ngati kanabadwira m'manja mwa oweta kapena kanagwidwa kutchire, chifukwa kotchireko kamatenga nthawi yaitali. Ndipo zilipo zina, zochepa, zomwe zimakalamba zisakufuna munthu. Imeneyo mumangoilemekeza, n'kumaionera pagalasi.

Tsopano za kukula, pomwe nkhawa yanu ili ndi maziko. Yaikazi imatha kupitirira mamita awiri ndi theka, yaimuna imacheperako, ndipo zimakhala zaka 20 mpaka 30. Ina ku Philadelphia Zoo, malo osungira nyama ku America, inafika zaka 40. Choopsa pa boa yaikulu si mano, ndi mphamvu. Kale tinkati imapha pobanikitsa nyama, koma kafukufuku wa Scott Boback wa ku Dickinson College ku America, yemwe anatuluka mu 2015, anaonetsa kuti imaimitsa kuyenda kwa magazi, ndipo khoswe amakomoka mofulumira kwambiri. N'chifukwa chake zija zoikoleka m'khosi pojambulitsa ine zimandinyansa. Njoka ikhoza kukhala yofatsa, koma ikangoona ngati igwa imagwiritsa, ndipo pomwe yagwiritsapo ndi pamitsempha yopita kumutu. Ikapitirira mamita awiri, muziitulutsa pali munthu wina wamkulu pafupi.

Munatchulanso kuti mwana wanu akulirira kukagwira. Adikire mpaka inu mutakagwira kwa mwezi wathunthu osajomphedwa, ndipo akadzayamba, akhale pansi, inu mutagwira mbali ya kumutu. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo, poti njoka zimanyamula salmonella, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. Ngati sanakwane zaka 5, azingoonera. Pakadali pano ndilembereninso mundiuze madigiri omwe chipangizo chikuonetsa mbali zonse ziwiri za khola, komanso tsiku lomwe kanadya komaliza.