Makhadi anga akupindika, kodi ndigule makina?

FUNSO: Zikomo azakhali. Ndine mayi wa ana awiri wa ku Ngabu. Chaka chatha ndinayamba kupanga makhadi a ukwati ndi a tsiku lobadwa, ndipo anzanga akumpingo amandigula. Koma khadi likangogona masiku awiri limapindika ngati tsamba la fodya, timaluwa tomwe ndamata n'kumamatuka. Pa Facebook ndimaona azimayi akunja akudula maluwa ndi makina. Kodi ndikongole ku banki m'khonde kuti ndigule? Tsiku la Anakubala layandikira.

YANKHO: Achemwali, ngongoleyo ibadikirani. Makina mukuwaonawo ndi abwino ndithu. Ena, monga Sizzix Big Shot, ngopukusa ndi dzanja: mumaika pepala pa kachitsulo kakuthwa kopindidwa ngati duwa, makinawo n'kupanikiza mpaka duwalo lituluke. Koma kachitsulo kalikonse kamadula chinthu chimodzi chokha, mukafuna gulugufe ndiye kugulanso kena. Ena otchedwa Cricut amafuna magetsi ndi foni kapena kompyuta. Ndipo onsewa ntchito yawo n'kudula basi, kupindikako sangakuchize.

Chikukupindirani makhadi ndi madzi a m'guluu. Pepala likamwa madzi mbali imodzi limafufuma, pouma limakhwinyata n'kukoka mbali inayo. Kwathu kuno kuchigwa, mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye guluu amayamba kuuma musanamalize n'kumata komwe. N'chifukwa chake timaluwa tikugwa.

Yambani ndi pepalalo. La fotokope lija ndi 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), n'lopyapyala kwambiri. Mukakwera ku Blantyre kapena ku Limbe funsani lokhuthala, la 220 mpaka 300 gsm. Dulani A4 pakati, theka lililonse mulipinde pawiri, mupeza makhadi awiri olowa bwinobwino mu envelopu ya saizi yotchedwa C6. Musanapinde, ikani rula n'kudutsitsa bolopeni yotha inki pamzerepo kuti msana usang'aluke.

Guluu akhale woyera uja wa akalipentala, pang'ono zedi, womwaza ndi kakhadi kotha ntchito ka mayunitsi mpaka angotsala ngati mame. Muzimata m'mamawa, dzuwa lisanakwiye. Mukamata, khadilo liikeni pakati pa mapepala oyera, osati nyuzi chifukwa inki imatsalira, kenako tsinjikizani thabwa ndi njerwa usiku wonse.

Ndikupemphani, musayese phala la ufa wa chinangwa. Pomwe ndinkaphunzitsa kufupi ndi Bangula, ndinamatira phala limeneli makhadi 60 a ukwati wa mwana wa achimwene anga. Linagwira bwino kwambiri. Ndinawasunga m'katoni kunsi kwa bedi, koma nditatsegula patatha sabata ndinapeza mphemvu zadya paliponse pamene panali phala, maina a akwati atasanduka mabowo. Ndinalira ngati mwana, ndipo ndinachezera masiku atatu kupanga ena pa nyali.

Zodula mungathe ndi manja anu. Tengani chigubu chotha mafuta ophikira, chekani mbali yosalala, jambulanipo mtima kapena tsamba n'kuboola. Chimenecho ndiye chikombole chanu, chidzakutumikirani zaka. Lezala likhale latsopano, chifukwa lobuntha limatafuna pepala. Ine njira imene ndimaikonda ndi yoboola mtima patsogolo pa khadi lenilenilo, n'kumata kansalu kuseri kwake kuti kaoneke ngati pa zenera. Palibe chotumphuka kunja, ndiye palibenso chomatuka. Tizidutswa ta zitenje tangoti mbwee pansi pa makina a telala aliyense pa Ngabu, kapempheni, mutisite tisanalowe guluu. Makoko ouma a nthochi nawonso amatuluka bwato la pa Shire lokongola, lokhala ngati lopakidwa vanishi. Mukadzafuna pepala lapadera, a PAMET ku Blantyre amapanga mapepala ndi manja kuchokera ku mapepala akale ndi ulusi wa zomera.

Pa 15 Okutobala pano pangani makhadi 20 okha a mtundu umodzi, mulembe m'kope ndalama zonse zalowa ndi zatuluka. Otsala muwasunge m'ndowa yapulasitiki yovindikira bwino, pamwamba pa kabati, poti mvula ikayamba madzi a kuno mukuwadziwa. Mudzandilemberenso Khirisimasi ikadutsa, tidzakambe za makinawo kope lanu lili pamanja.