Kupaka polishi pa matayala popanda kudetsa marimu ndi penti wa galimoto

Funso: Ndili ndi Toyota Corolla yoyera. Ndikaitsuka ndimapopera polishi pa matayala kuti ade bwino ndi kunyezimira, koma ndikangoyenda ulendo umodzi ndimapeza timadontho takuda m'munsi mwa zitseko ndi pa bampala ya kumbuyo, ndipo marimu nawo amaoneka ngati apakidwa mafuta. Kodi vuto ndi polishi amene ndikugula kapena ndi kapakidwe kanga?

Yankho: Kawirikawiri vuto limakhala kapakidwe, ngakhale kuti mtundu wa polishi nawo uli ndi mbali yake. Tayala la saizi ya 195/65 R15, limene lili pa ma Corolla ambiri, likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita awiri, kutanthauza kuti galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, tayala lililonse limazungulira pafupifupi maulendo 11 pa sekondi imodzi. Polishi aliyense amene sanaume, makamaka amene wadikha m'mizere ndi m'zilembo za m'mbali mwa tayala, amawazika ndi liwiro limenelo n'kukagwera pa zitseko ndi pa bampala. Amafika kumeneko atasakanikirana kale ndi fumbi la mumsewu komanso la mabuleki, ndipo n'chifukwa chake madonthowo amakhala akuda chonchi pa galimoto yoyera.

Ntchito yeniyeni imayambira pa kutsuka, osati pa kupaka. Tayala lizitsukidwa ndi sopo ndi burashi yolimba mpaka thovu litasiya kuoneka lofiirira. Kufiirirako si dothi lokha ayi. Opanga matayala amaika mankhwala mkati mwa mphira, monga 6PPD, oteteza tayala kuti lisang'aluke ndi mpweya, ndipo mankhwalawa amatulukira pamwamba pang'onopang'ono n'kusanduka ofiirira. Mukapaka polishi pamwamba pa zimenezi ndi pamwamba pa polishi wakale, watsopanoyo sagwira mphira, amangokhala pamwamba kudikira kuti galimoto inyamuke. Mukatsuka, tayala liume kotheratu, ndipo ntchitoyi muzichitira pamthunzi, matayala ndi mabuleki zitazizira, osati galimoto itangofika kuchokera pa ulendo.

Pa kapakidwe, siyani kupopera polishi pa tayala mwachindunji. Botolo lopopera silisankha pogwera, ndipo kamphepo kakang'ono kakhoza kutengera polishi pa rimu, pa penti ngakhalenso pa chitsulo cha mabuleki chimene chimaonekera kuseri kwa rimu. Poperani pang'ono pa siponji mutatembenukira kutali ndi galimoto, ifinyeni kuti polishi alowerere, kenako muziyendetsa siponjiyo mozungulira mbali ya tayala. Yambirani pakati pa mbaliyo, ndipo mufike kufupi ndi rimu pomaliza, siponji itatsala ndi polishi wochepa. Pamalo pamene mphira imakumana ndi rimu gwiritsani ntchito nsonga ya siponji kapena kaburashi kakang'ono kopakira penti. Ngati dzanja lanu silinazolowere, dulani kachidutswa ka katoni kopindika ngati mlomo wa rimu, mukagwirizize pa rimuyo ndi dzanja limodzi pamene linalo likupaka. Gawo la tayala limene lili pansi musalikakamize, chifukwa mungotola mchenga ndi siponji. Sunthani galimoto pang'ono kuti gawolo libwere pamwamba.

Chimene ambiri amadumpha ndi ichi: mukamaliza kupaka, dikirani mphindi 15 mpaka 30, kapena nthawi imene yalembedwa pa botolo, kenako pukutani tayala lonse ndi nsalu youma, makamaka m'zilembo ndi m'mizere. Kunena zoona, kunyezimira kumachepako mukapukuta, ndipo pali eni galimoto amene amakhumudwa nazo, koma polishi amene wachoka ndi nsaluyo ndi yemwe uja akanakathera pa zitseko zanu. Ngati mukufuna kuti tayala liwale kwambiri, pakaninso kachiwiri mopyapyala woyambayo atauma, kusiyana ndi kuthira wambiri nthawi imodzi. Nsalu ndi siponji za matayala zizisungidwa pazokha, zisakhudzenso penti kapena magalasi.

Pa za mtundu wa polishi, ilipo mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo yonse nthawi zambiri imakhala ndi silikoni, mankhwala oterera amene amachititsa tayala kunyezimira. Wina amasungunulidwa m'madzi ndipo amaoneka woyera ngati mkaka, pamene winayo amasungunulidwa m'mankhwala ochokera ku mafuta, ndipo kawirikawiri amakhala woonekera ngati madzi. Wachiwiriyu amanyezimira kwambiri komanso sachoka msanga ndi mvula, koma amakhala wonata, choncho amakoka fumbi. Kwa munthu amene amayenda m'misewu yafumbi m'nyengo yachilimwe, ine ndimalangiza wa madzi, pakuti tayala lonyezimira kwambiri m'mawa limakhala litafiira ndi dothi pofika masana. Ngati polishi wina akugulitsidwa wokhuthala, wopaka ndi siponji, ameneyo ndi wosavuta kumulamulira kuposa wopopera.

Madontho amene alipo kale achotseni msanga ndi sopo wotsukira galimoto ndi nsalu yofewa, osakhula mwamphamvu chifukwa muli timchenga timene tingakande penti. Akakana kuchoka, nyowetsani nsalu ndi isopropyl alcohol (mtundu wa spiriti wopukutira zinthu) wosakaniza ndi madzi, muyesere kaye pamalo pobisika, ndipo dziwani kuti amachotsanso polishi woteteza penti, ndiye pamalopo mudzapakenso. Ngati mukuganiza zokapentetsa galimoto, auzeni amisiri kuti mumagwiritsa ntchito polishi wa silikoni, chifukwa silikoni akatsalira pa thupi la galimoto penti watsopano amachita timaenje.

Funso: Anyamata a pamalo pamene ndimatsukitsa galimoto amapaka brake fluid pa matayala, ndipo amadadi bwino. Kodi ndiwalole?

Yankho: Ayi, musawalole. Brake fluid wa mitundu ya DOT 3 ndi DOT 4 amadya penti, ndipo dontho limodzi likakhalitsa pa chitseko kapena pa rimu yopentedwa limafewetsa pentiyo mpaka kumutukusira. Tsono ganizirani kuti zimene tafotokoza za kuwazika kwa polishi zichitike ndi mankhwala otere. Oyilo wakutha wa mu injini nayenso ndi woipa, chifukwa amafewetsa mphira, amanata fumbi ndipo akafika pa mabuleki amawachititsa kuterereka. Ngati polishi weniweni palibe, ndi bwino kungotsuka tayala ndi sopo n'kulisiya lakuda mwachibadwa.

Funso: Ndimachita kabaza wa njinga yamoto ndipo ndimafuna kuti njinga yanga izioneka yatsopano kwa makasitomala. Kodi njira ya siponji ija ingagwirenso ntchito kwa ine?

Yankho: Pa njinga yamoto musapake polishi wa matayala m'pang'ono pomwe. Tayala la galimoto limaponda pansi ndi gawo lake lapakati lokha, ndipo ngakhale pamenepo polishi saloledwa kufikapo. Tayala la njinga yamoto ndi lobulungira, ndipo mukamakhota njinga imapendekeka n'kuyamba kupondera chakumphepete, pafupi penipeni ndi pamene polishi angayenderere. Silikoni akafika pamenepo tayala limaterereka pakona, makamaka pa phula wonyowa, muli ndi munthu kumbuyo. Tsukani matayalawo ndi sopo ndi burashi, muwatsukuluze bwino ndi madzi, ndipo khama lonyezimiritsa mulipereke ku thanki, ku magalasi ndi ku zitsulo zina za njingayo, koma osati ku mabuleki, pampando kapena pa zogwirira.